Dzenje la Mfumu Ndakhuta

M'dziko la Tidzachita, kuseri kwa mapiri amene mpaka lero alibe mayina chifukwa komiti yake sinakumanebe, muli mzinda waukulu wotchedwa Dikirani. Pakati pa mzindawo pali paki. Dzina lake lonse ndi Paki ya Chifundo, Nzeru ndi Thukuta la Mfumu Ndakhuta Wachinayi, koma popeza anthu a ku Dikirani amakhalanso ndi zochita zina, amangoti kupaki.

Pakiyo ili ndi kapinga woletsedwa kupondapo, mabenchi oletsedwa kukhalapo kuopa kusupula penti, ndi maluwa amene amabwera pa lole kukamabwera alendo, n'kubwerera pa lole yomweyo alendo akapita. Ilinso ndi njira yoyendamo anthu, yoyalidwa timiyala toyera, imene akatswiri anaijambula motsanzira siginecha ya Mfumu. Akuti ukaiona uli m'ndege imakongola kwabasi. Koma woyenda pansi amangoona kuti wakhota, wakhotanso, wazungulira kawiri, kenako wafika pachipata chomwe analowera. Anthu anaiyesa sabata yoyamba n'kuisiya. Munthu wa ku Dikirani sangayende ola lathunthu kuti akafike pomwe anachokera, chimanjamanja, opanda ndi mtolo wa nkhuni womwe.

Njira imene anthu ankayendamo inali ina. Kanali kanjira kachidule kochokera kudepoti ya mabasi kupita kumsika, kodutsa kumapeto kwenikweni kwa paki, kolowera pomwe waya wa mpanda anaduka n'kukatulukira pomwe anadukanso. Kanjirako sikanali pa mapu a boma, choncho boma linkadziwa kuti kulibe.

Chaka chilichonse mvula ikayamba, Mfumu inkabzala mtengo. Linali tsiku lalikulu: matenti, bandi ya apolisi, amayi ovina atavala nsalu za nkhope ya Mfumu, fosholo yasiliva ndi keni yagolide yothirira. Koma mwambo wa dzikolo sulola kuti phazi la Mfumu liponde dothi, ndiye ankayala kapeti yofiira kuyambira pachitseko cha galimoto. Kapetiyo inali imodzi m'dziko lonse. Pomwe inathera chaka choyamba ndi pomwe anakumba dzenje. Chaka chachiwiri galimoto inayenera kuima pamalo omwewo, chifukwa phula anathera pomwepo, ndipo anthu atayesa kapeti anapeza kuti ikuthera pa mtengo wa chaka chatha.

Apa mutu unawawa a Kachigamba, Nduna ya Zobiriwira. Kuzula mtengowo kunali kosavuta, koma pachipata cha paki panali chikwangwani cha lamulo chonena kuti: ALIYENSE WOZULA MTENGO WOBZALIDWA NDI DZANJA LA MFUMU APONYEDWE KUNJA KWA MPANDA PAMODZI NDI MTENGO UMENE WAZULAWO. A Kachigamba anali munthu wochenjera ndi pakamwa. Sanalembe kalata, sanalankhule mawu. Anangoima pafupi ndi mayi wina amene ankapalira pamenepo, n'kuyang'ana mtengo, n'kuyang'ana mayiyo, n'kutsokomola kawiri. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, ankabwera kudzatsokomola.

Mayiyo anali a Enelesi Nachisale, wosamalira nazale ya mbande, munthu wamfupi, wa manja okhakhala, wosakonda zolankhulalankhula. Iwo anamva bwinobwino zomwe chifuwa cha bwana chinkanena: zulani mukataye. Kuzula anazuladi, koma kutaya chinthu chamoyo manja awo anakana. Anaunyamula mtengowo ndi dothi lake lomwe, n'kuukweza pa wilibala, n'kukaubzala m'mbali mwa kanjira kachidule kuja, kumene nduna sizifika. Chaka chotsatira anachitanso chimodzimodzi. Chikwangwani chachitsulo cha chaka chilichonse, cholembedwa kuti mtengo uwu unabzalidwa ndi Mfumu, ankangopatsa anzawo a kumsika kuti aone chochita nacho.

Zinatero kwa zaka makumi awiri. Kanjira kaja kanasanduka msewu wamthunzi: mbawa, mtangatanga, msambamfumu, mkuyu, zonse zitakumana nthambi pamwamba. Onyamula katundu ankatulira pamenepo, amayi ankayamwitsira ana pamenepo, ndipo maukwati angapo a mumzindawo anayambira pamenepo. Mfumu nayo inkabwera chaka ndi chaka, n'kupeza dzenje lake lili yasa, n'kubzalamo. Kamodzi kokha inafunsa kuti mtengo wa chaka chatha uli kuti.

"Uli bwinobwino, Mwinidziko," anayankha a Kachigamba. "Wangoti ndikupatseni moni."

Mfumu inakhutira, n'kunena kuti nawonso akaupatse moni.

Zinthu zinasokonekera Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kubwalo la nduna kunafika kalata yochokera kwa Mfumukazi ya dziko loyandikana nalo la Tinachitakale. Anthu a kumeneko ndi otopetsa. Ukawauza chinthu chimene ukuganiza zochita, amati iwo anachita dzana ndipo anapenta kale. Mfumukaziyo inalemba kuti yakhala ikumva pa wailesi za mitengo imene mnzake amabzala chaka ndi chaka, ndipo ibwera Loweruka kudzayenda mumthunzi wake.

"Nkhani yabwino imeneyi," inatero Mfumu, ikusisita mimba. "Ndipotu nanenso sindinaionepo mitengo yangayo. A Kachigamba, yakula bwanji?"

"Yakula mwaulemu, Mwinidziko."

Nduna zonse zinaomba m'manja. Ku Tidzachita yankho likakhala losamveka amaliombera m'manja kuti lidutse msanga.

Lachiwiri m'mawa a Kachigamba analowa m'paki kupitirira pomwe kapeti imathera, koyamba m'moyo wawo. Anatsata njira ya siginecha ija, ndipo pomwe Mfumu imapinda cholembera posaina anazungulirapo katatu osapeza potulukira. Thukuta lili kamukamu, anaona kobiriwira patali, n'kudula pakapinga ngati wina aliyense. Anapeza a Nachisale akusesa masamba pansi pa mbawa.

"Mayi, mitengo iyi ndi ya ndani?"

"Ndi mitengo basi, bwana."

"Ili ndi fayilo?"

"Ili ndi mizu, bwana."

A Kachigamba anakweza maso mpaka chipewa chinagwa. "Mtengo wa Mfumu ukulekeza m'bondo, ndiye iyi, yopanda ndi chikwangwani chomwe, ikukagunda mitambo? Kumeneku ndi kuderera ufumu." Anatola chipewa, ndipo akuwerama choncho nzeru inawabwerera, nkhope n'kuwala. "Lachisanu tidula yonseyi. Nsonga zake tikazizika m'mbali mwa kapeti, khumi uku khumi uku, n'kuzipaka laimu m'munsi. Mfumukazi ikhala ola limodzi lokha. Mukathirira mamawa, masamba safota mpaka masana. Mwaona? Mitengo ya Mfumu yapezeka, ndipo yamwanoyi yachoka."

A Nachisale anaimika tsache.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "mukukumbukira mmene mumatsokomolera chaka chilichonse?"

A Kachigamba anayang'ana mitengo ija kachiwiri, n'kuiwerenga ndi maso, ndipo anamvetsa zonse. Anasendera pafupi.

"Ine ndili ndi chifuwa cha nyengo ya mvula, mayi. Dziko lonse likudziwa. Chifuwa si lamulo. Wozula ndi amene anagwira khasu. Potuluka lero mukawerengenso chikwangwani chija pachipata, mwina munaiwala."

Atatero anafunsa njira yachidule yotulukira, ndipo a Nachisale anawalozera pomwe waya anaduka.

Masana ake a Nachisale anapita kumsika ndi nkhope yakugwa. Kumapeto kwa kanjira, pomwe mthunzi wa mkuyu umadumpha mpanda, ndi pomwe ankakhala a Nangozo ogulitsa tomato ndi a Layisoni osoka nsapato. Onse awiri anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Ndimve bwino," anatero a Nangozo. "Akufuna adule mitengo kuti aonetse alendo kuti kuno timabzala mitengo?"

"Eya."

"Ndiye tithokoze kuti sanafune kuwaonetsa kuti timalera ana."

A Layisoni analavula kamsomali kamene anali ataluma. "Achemwali, ine ndikuuzani zoona, khalani chete. Ntchito ya boma sitola panjira. Mukakatsegula pakamwa, woponyedwa kunja ndi inu, osati uja wa chifuwa. Ife tizolowera. Dzuwa tinabadwa nalo."

"Inu a Layisoni mungazolowere ndi dazi limenelo?" anafunsa a Nangozo. "Pofika Lamulungu tidzakhala tikukazingirapo mazira."

A Nachisale sanaseke. Anakhala pa chitini n'kuyang'ana kukanjira.

"Mtangatanga uwo," anatero, "ndinaubzala ndili ndi pakati pa Feliya. Ndinkakankha wilibala ndi mimba. Lero Feliya ali ndi wake mwana. Msambamfumu uwo ndi wa chaka chimene bambo ake anatisiya. Ndinkauthirira kwinaku ndikulira, mwina n'chifukwa chake unakula msanga. Mkuyu mukukhalapowu mbuzi zinaudya kawiri, ine n'kuumangira minga. Ndiye Lachisanu ndidzaime pamenepo ndi keni, kuthirira nsonga zake zili zozika ngati mbendera? Mantha ndili nawo, a Nangozo, sindikubisa. Koma zimenezo sindingathe."

Kenako a Nangozo anayamba kutsitsa tomato wawo mmodzimmodzi kuchoka pa chitsulo chimene ankayalapo. Anachipukuta ndi chitenje, ndipo zilembo zinaoneka: MTENGO UWU UNABZALIDWA NDI MFUMU NDAKHUTA WACHINAYI.

"Ngati mukupita, musapite ndi pakamwa pokha," anatero. "Tengani ichi. A Layisoni, dzukani, mwakhalira umboni."

A Layisoni anadzuka akung'ung'udza, n'kupereka chikwangwani chimene chinali mpando wawo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mbiri inayenda mumsika monse. China chinachokera pa khola la nkhuku, china chinali chivundikiro cha mgolo wa madzi, china ankaumitsirapo usipa, china chinali chitseko cha chimbudzi cha kumbuyo ndipo eni ake anapereka monyinyirika. Pofika Lachitatu madzulo zonse makumi awiri zinali pa wilibala.

Kulowa kubwalo la nduna sikunavute, chifukwa Lachinayi lililonse a Nachisale ankapita kumeneko kukathirira maluwa a m'miphika. Maluwawo anali apulasitiki, koma ndondomeko ya ntchito inalembedwa asanagulidwe, ndiye ankathiriridwa ndithu. Tsiku limenelo anapeza nduna zili pa mkangano waukulu wa mtundu wa laimu wopaka mitengo ya Mfumu. Ena ankati akhale woyera, ena ankati woyera kwambiri, ndipo panali patasankhidwa kale kakomiti. A Nachisale anakankha wilibala mpaka pakati pa bwalo, gudumu likulira, n'kugwada.

"Mwinidziko, ndabwera kudzadzinenera mlandu. Ndinazula mitengo yanu."

"Ingati?" inafunsa Mfumu.

"Yonse, Mwinidziko. Chaka chilichonse umodzi."

Nduna ina inakomoka, koma itaona kuti palibe akuiyang'ana inadzukanso. A Nachisale anafotokoza za dzenje, za kapeti, za wilibala ndi za kanjira. Za chifuwa sananene. Ankapereka zikwangwani chimodzichimodzi, Mfumu n'kumawerenga dzina lake mokweza pa chilichonse, osatopa. Pa chachisanu ndi chiwiri inaima n'kununkhiza.

"Chaka chimenechi chinali cha usipa?"

"Chinali chaka chabwino, Mwinidziko."

"Ndiye mukuti mitengo yangayo ilipo? Yaikulu?"

"Mbawa yanu yoyamba anthu awiri sangaikumbatire."

Mfumu inayang'ana manja ake, kuseri ndi kuno, modabwa. "Manja awa?"

"Omwewo, Mwinidziko. Ine ndinangoisuntha. Koma mawa m'mawa akuidula."

A Kachigamba anaona kuti Mfumu yakondwa, ndipo anadumpha. "Mwinidziko, imeneyitu ndi pulani ya unduna wathu! Timaitcha Ndondomeko Yosamutsa Mitengo Mwakachetechete. Ndinaiyambitsa ndine, ndipo zodulazo timangoyesa mayiyu kuti tione ngati..."

Pakona panamveka buku lalikulu likutsegulidwa. Anali a Phwitiko, Msungi wa Malamulo, nkhalamba yowonda imene inali isanasekepo chilowereni ntchito. Anawerenga lamulo la pachipata lija pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, kenako anakweza maso pamwamba pa magalasi. "Munati anayambitsa ndani, a Nduna?"

"Ndimati mayiyu anachita yekha," anatero a Kachigamba. "Ine ndikumuona koyamba lero."

Mfumu inalamula kuti nkhwangwa zidikire, ikaone kaye yokha, ndipo mlandu ukaweruzidwire komweko.

Ulendo wa Lachisanu anthu a ku Dikirani amaukambabe. Kuchokera pomwe phula anathera kukafika kukanjira ndi mtunda ndithu, ndipo kapeti inali imodzi yomwe ija. Mfumu inkayenda mpaka kumapeto kwake, n'kukwera pa mpando, apolisi n'kukulunga kapeti, kuthamanga nayo kutsogolo, kuiyala, Mfumu n'kutsika. Bandi inkaimba Mfumu ikamayenda, n'kusiya ikakwera pa mpando, moti nyimbo ya fuko inatenga maola anayi. Msika wonse unatseka n'kudzaima kuwaya. Odula mitengo anali atafika kale m'mawa ndipo anali atagona pansi pa mitengo yomweyo, nkhwangwa atatsamira.

Mfumu italowa pansi pa mbawa inaima, n'kuvula chisoti.

"Kuno kukuzizira bwino. Mwaika makina?"

"Ndi mthunzi, Mwinidziko," anatero a Nachisale.

"Wanga?"

"Wanu."

Mfumu inayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, pakamwa pali yasa. Kunena zoona inakondwa ngati mwana, ndipo amene anali pafupi akuti m'maso mwake munalengeza misozi. Inalamula kuti aliyense wokhudza mitengoyo ndi nkhwangwa aone zakuda. Anthu anaululutira. Koma nthungululu zisanathe, buku la a Phwitiko linatsegukanso.

"Lamulo ndi lamulo, Mwinidziko. Mayiyu wavomera yekha. Ayenera kuponyedwa kunja kwa mpanda pamodzi ndi mitengo imene anazula."

"Mponyeni yekha," anatero a Kachigamba mwachangu.

"Palembedwa kuti pamodzi."

"Ndiye izulidwe, aponyedwe nayo."

"Zotheka," anatero a Phwitiko. "Koma woizulayo adzakhala wazula mtengo wa Mfumu. Naye adzaponyedwa kunja pamodzi nayo. Ayambe ndani?"

Nduna zonse zinapisa manja m'matumba. Odula mitengo anakankhira nkhwangwa kutali ndi mapazi. Wina anati lamulo lisinthidwe, koma a Phwitiko anakumbutsa bwalo kuti komiti yosintha malamulo ndi yomwe ija ya mayina a mapiri. Wina anati mayiyo akhululukidwe, koma fomu ya chikhululukiro inali itatha chaka cha dzana. Dzuwa linapendeka nduna zikukanganabe, Mfumu ili chiimire pa kapeti, a Nachisale ali chigwadire, maondo atachita dzanzi, osadziwa ngati mawa adzakhala ndi ntchito, kapena mitengo, kapena adzataya zonse.

Ndi pamene a Nangozo, ali kuseri kwa waya, anauza a Layisoni ndi mawu amene iwo amawatcha kunong'ona, koma anamveka mpaka kudepoti: "Ukanakhala mpanda wanga, ine ndikanangousuntha."

A Kachigamba anaimika khutu. Anakonza tayi.

"Mwinidziko, nzeru yandifikira. Lamulo likuti mayiyu ndi mitengo akhale kunja kwa mpanda. Silikunena kuti ayende ndani. Tizule mpanda, tiubweze mkati."

A Phwitiko anafufuza buku lonse mpaka kuchikuto, ndipo mokhumudwa anavomera kuti kuzula mpanda si mlandu.

"Koma mitengo yanga ikhala kunja kwa paki yanga," inadandaula Mfumu.

"Lamulolo munasaina ndinu, Mwinidziko," anatero a Phwitiko, akuionetsa siginecha. Mfumu inaiyang'ana, n'kuvomera kuti ndi yokongola, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Popeza mlendo anali kubwera mawa lake, ntchito inayamba nthawi yomweyo. Anthu a kumsika anathandiza osapemphedwa. Mizati yachitsulo inazulidwa, maenje atsopano anakumbidwa, ndipo iyi inali ntchito yoyamba m'mbiri ya Tidzachita kutha tsiku lomwe inayambika. A Nachisale anauzidwa kuti aime pansi pa mbawa osasuntha. Waya anadutsa patsogolo pawo, wapolisi anaimba wezulo, ndipo a Phwitiko analengeza kuti wolakwa waponyedwa kunja. Asanachoke, apolisi anawavula a Nachisale jombo za boma n'kuwalanda keni, ntchito n'kuthera pomwepo. Anatsala chiimire, mapazi ali pa dothi, kumbuyo kwawo mitengo makumi awiri ili chilili. Analira, ndipo a Nangozo atawafunsa ngati akulirira ntchito kapena mitengo, anati zonse ziwiri, asawafunsenso.

Loweruka Mfumukazi ya ku Tinachitakale inabwera. Inayenda kanjira konse wapansi, pakati pa onyamula matumba ndi amayi a madengu, Mfumu ikutsatira kumbuyo ndi kapeti ndi mpando wake. Itafika pa mkuyu inatembenuka n'kufunsa ngati n'zoona kuti mnzakeyo anabzala mitengo yonseyi kunja kwa mpanda, kuti anthu wamba azikhalapo.

"Ndi mmene ndilili," inatero Mfumu.

Mfumukazi inayang'ananso mitengo ija, kenako inati, "Zimenezi kwathu sitinachite." Mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pa munthu wa ku Tinachitakale. Wailesi inawabwereza kwa mwezi wathunthu, ndipo a Kachigamba analandira mendulo.

A Nachisale sanalandire kanthu. Anayala machubu a mbande pansi pa msambamfumu n'kuyamba kugulitsa kwa anthu odutsa, pakati pa tomato wa a Nangozo ndi nsapato za a Layisoni. Masiku ena zinkayenda, masiku ena ayi. Keni anapanga yawo poboola chitini ndi msomali.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina kukanjira kunatulukira a Kachigamba, mendulo ili pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali apolisi awiri, wina atanyamula jombo, wina akukankha wilibala. A Nduna anaima patsogolo pa mbande, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana kumbali, n'kutsokomola kawiri.

"Chifuwa chija chayambiranso, bwana?" anafunsa a Nachisale osadzuka.

"Mwambo ndi mawa, mayi," anatero a Kachigamba motsitsa. "M'dzenje muja muli mtengo. Antchito onse akana. Ndatsokomola sabata yathunthu mpaka pakhosi patupa, wina anandipatsa ndimu."

"Bwanji osagula kapeti yaitali?"

"Komiti ikuunikabe."

"Ndiye ndikakazula?"

"Apolisiwa akugwirani nthawi yomweyo, n'kukuponyani kunja pamodzi ndi mtengowo. Lamulo ndi lamulo. Wilibala ndi iyi, akukankhirani okha."

A Nachisale anayang'ana kumapeto kwa kanjira, cha kudepoti, pomwe panali patatsala malo a dzuwa ndipo anthu odikira basi ankadziphimba ndi manyuzipepala. Anatambasula dzanja, wapolisi n'kuwapatsa jombo. Anavala pang'onopang'ono, n'kudzuka, n'kutenga khasu lawo.

"Tiyeni mukandigwire," anatero. "Koma bwana, mawa Mfumu mukuipatsa mtengo wanji?"

"Mbawa, monga mwa nthawi zonse ikakhala mvula yabwino."

A Nachisale anawerama, n'kusankha chubu chimodzi pakati pa mbande zawo, n'kuchiika m'manja mwa a Nduna.

"Muipatse uwu. Ndi wa mango. Mthunzi takhuta, bwana, anthu kuno akufunsa za ndiwo zake."